Malaya a Kangalawa

Momade anabedwa Lachitatu m'mawa, dzuwa likuwala, anthu akuona. Amene anamupereka kwa wakubayo anali Dona Benedita eniake, ndipo anamumangiranso mbatata yophika kuti adye panjira.

Munali mu Juni 1988, ku Chiuaula m'tauni ya Lichinga, chigawo cha Niassa ku Mozambique, kukuzizira koopsa. Zulmira, mwana wa Dona Benedita, anabwera kuchokera kusukulu masana n'kupeza pakhomo pali zii. Masiku onse Momade ankamuchingamira pachipata akukuwa. Tsikuli panali nkhuku zokha.

Momade sanali mlongo wake wa bere limodzi. Asilikali anamutola pamsewu wa kunyanja, nkhondo itabalalitsa mudzi wawo. Anali kamwana ka zaka ngati zinayi, kodziwa dzina lake basi. Ofesi yosamalira ana otayika inamupereka kwa Dona Benedita kuti amulere mpaka abale apezeke. Kuyambira pomwepo nyama ya nkhumba inasiya kulowa m'nyumbamo, poti dzinalo linkanena lokha kuti mwanayo ndi wa Chisilamu.

"Amayi, Momade ali kuti?"

Dona Benedita anali pamkeka, maso ali psuu, koma akumwetulira.

"Tithokoze Mulungu, mwanangu. Abale ake apezeka. Kunabwera mayi ake aang'ono, a Felizarda, pamodzi ndi Dona Laurinda a kuofesi. Amutenga. Ofesi yawapatsanso bulangete, chitini cha mafuta ndi thumba la ufa, monga amachitira."

"Iyeyo anawadziwa?"

"Iwe, Momade angakane munthu wonyamula mandasi? Koma ndi enieni. Anaona chithunzi chake pakhoma la kumsika paja. Akuti malaya ofiira a pachithunzipo, a kangalawa pachifuwa, anasoka ndi iwo pamanja nkhondo isanafike. Amalira, mwanangu. Ngakhale ine ndinalira."

Tsiku lojambula chithunzicho, amene anapita ndi Momade anali Zulmira. Ana ambiri ankafika atavala masaka. A Atumani, bambo wojambula, ankachita nazo manyazi, ndiye ankayenda ndi malaya amodzi m'chikwama, otola pa zovala za kalamidadi, zija zothandizira ovutika ndi nkhondo. Ankaveka mwana, kumujambula, kumuvula, n'kuveka wotsatira. Momade anawavala malayawo kanthawi kochepa chabe, ndipo analira powavula.

"Amayi, aja si abale ake."

Zulmira anali mtsikana woti aphunzitsi akamuloza, yankho limene ankalidziwa bwinobwino limathawira m'mimba. Koma tsikuli anathamanga mpaka kupolisi, yunifolomu ili m'thupi. Anapeza wapolisi mmodzi yekha, a Cipriano, akukukuta chimanga chowotcha.

Analankhula akuyang'ana zala za kumapazi.

"Kweza mawu, kamarada wamng'ono," anatero a Cipriano. "Kuno si kolapa machimo."

Anabwerezanso. Ulendo uno a Cipriano anaika chimanga pansi.

Khoma la zithunzi linali pafupi ndi msika. Nkhope za ana zinali mbwee, zina zitafwifwa ndi dzuwa. Zulmira analoza Momade. Kenako analoza mnyamata wina pamzere wapansi, wina pakona, winanso pamwamba. Onse anavala malaya ofiira, kangalawa kali pachifuwa.

A Cipriano anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mayi ameneyu ndi telala wamkulu! Waveka Niassa yense!"

Anamatula chithunzi chimodzi, cha mnyamata wina, n'kuika m'thumba.

Dona Laurinda anawapeza kuofesi akukangana ndi amayi awiri za mkaka wa ana. Anali okha pa ana osawerengeka, ndipo pojambula sankakhalapo. Atamva, anagwira pakamwa.

"Mayi anga ine! A Felizarda aja anati akukhala ku Lulimile kwa achibale. Ndinasangalala, a Cipriano. Mwezi wonse uno palibe mwana wapeza kwawo."

"Ku Lulimile sitikamupeza," anatero a Cipriano. "Tiyeni. Wakuba akapata mafuta amathamangira kumsika."

Kumsika mafuta ophikira ankagulitsidwa mobisa, pa supuni. Mayi wina, a Assia, ataona chipewa cha polisi anakhalira chitini msangamsanga n'kuyala chitenje.

"Mayi, mwakhalira chiyani?"

"Mpando, bwana."

"Mpando wanuwo ukudontha."

A Assia anadzuka akung'ung'udza. Chitinicho chinali chatsopano, chofanana ndi za kuofesi.

"Sindinagule ine. Mayi wina anangondisungitsa."

"Sindinabwerere mafuta. Mwana ali kuti?"

"Anati akuthamangira koluna ya ku Cuamba. Ulendo watha anali ndi kamtsikana, leronso kamnyamata. Ndinangoti mwina ndi wobereka kwambiri."

A Cipriano sanasekenso. Koluna inali mdipiti wa malole operekezedwa ndi asilikali, ndipo kunalibe njira ina yotulukira mu Lichinga ndi moyo. Ikanyamuka, yanyamuka. Palibe akanaitsatira. Tsikulo inali itachedwa kudikira asilikali kuyambira m'mawa.

Galimoto ya polisi inalibe petulo kuyambira Pasaka. Anakwera njinga, Zulmira kumbuyo, atagwira lamba wa a Cipriano. Pachitunda ankatsika n'kukankha onse awiri.

Atafika kumapeto kwa tauni, malole anali atalizidwa kale. Anthu anali pamwamba pa katundu, atafunda mabulangete mpaka kumutu. A Cipriano anathamangira kwa mkulu wa asilikali.

"Kamarada, muli mwana wobedwa umu."

Mkuluyo anayatsa ndudu. "Ikatha iyi, tikupita."

Zulmira anayenda m'mbali mwa malole akusuzumira. Ana anali ambiri, onse ofunditsidwa. Asilikali ankamuyang'ana. Amayi ankamuyang'ana. Anacheuka, n'kuona ndudu ija yafika pakati.

Anatseka maso.

"Momade! Iwe Momadeee!"

Mawuwo anamudabwitsa mwiniwake. Msilikali wina mpaka anagwira mfuti. Pa lole yachitatu bulangete lotuwa linagwedezeka, kamutu n'kutulukira, shuga ali mbuu kukamwa.

"Achemwali! Taonani, ndakwera galimoto!"

Dzanja linamukokera pansi. A Cipriano anali atakwera kale tayala.

"Ndinu a Felizarda?"

"Ndine. Mwanayu ndi wa malemu mkulu wanga. Boma landipatsa lokha."

"Pepani mayi, n'kungotsimikiza basi." Anatulutsa chithunzi chija, chala chachikulu chitaphimba nkhope. "Malaya munasoka aja ndi awa?"

"Omwewo! Kangalawako kananditengera masiku. Onani ulusiwo."

A Cipriano anachotsa chala. Nkhope inali ya mnyamata wina, wamakutu akuluakulu, wopanda mano akutsogolo. Anakweza chithunzicho kuti onse aone.

"Nanga uyu ndi wa mkulu wanu uti?"

M'lolemo munabuka phokoso. A Felizarda anayesa kudumphira mbali inayo, koma gogo wina anawagwira chitenje, mayi wina mwendo.

"Ndimadabwa ine!" anakuwa gogoyo. "Mwana akuti ndikufuna kukodza, iye akuti kodzera pomwepo. Mayi wanji ameneyo?"

Vuto linatsala ndi Momade. Anakakamira chitsulo cha lole, kukana kutsika. Analira, anaponda, anati achemwali akwerenso basi. Anatsika a Cipriano atamulonjeza kuti aziliza belu la njinga njira yonse.

Unyolo kupolisi unalipo umodzi, ndipo unali utapita ndi wakuba mbuzi. A Felizarda anawamanga dzanja limodzi ndi mphira womangira katundu panjinga. Dzanja linalo linagwira thumba la ufa pamutu. Analowa m'tauni chomwecho, Momade ali pachishalo, belu likulira ngati kukubwera ukwati.

Kupolisi a Felizarda anaulula. Ankati akafika ku Cuamba akanene kuti mwanayo amutola m'tchire, alandirenso bulangete ndi ufa, kenako amusiye kwa aliyense wofuna wantchito. Kamtsikana kaja kanapezeka komweko patapita milungu, kakutunga madzi kwa wamalonda wina, ndipo kanabwera ndi koluna yobwerera. Khoti linawapatsa a Felizarda zaka zisanu ndi chimodzi. Dona Laurinda anayamba kufunsa aliyense wodzatenga mwana za zipsera, za mayina a agogo, za nyimbo imene ankamugonekera, misozi ikhalepo isakhalepo.

Dona Benedita anapha nkhuku, ataitana a Atumani kuti adzaizinge mwa Chisilamu. Momade anadya ntchafu zonse ziwiri. Koma kwa Zulmira sanalankhule. Akamuyandikira, ankatembenuka n'kuyang'ana kukhoma.

Litafika Lamlungu, Zulmira analephera kupirira.

"Iwe, ndakulakwira chiyani?"

Momade anamuyang'ana ndi diso la munthu wolandidwa munda.

"Achemwali, inu ndinu oipa. Galimoto ija inali itatsala pang'ono kuyenda."