Bonongwe wa M'jombo

Wening anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala mumzinda wa Semarang, pafupi ndi doko la panyanja yamchere. Wening ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna dimba.

Koma nyumba yawo inali yaing'ono. Kanjira kawo kanali kopanikizika. Pakhomo panali kamalo kamodzi kokha. Kamaloko kanali ngati mkeka umodzi.

Amayi ake a Wening anali oyembekezera. M'mawa ankatopa. Masana ankatopa. Akaimirira, ankamva chizungulire.

Tsiku lina kunabwera azamba. Dzina lawo linali mayi Tarmi. Anayang'ana m'maso mwa amayi. Anayang'ananso m'manja mwawo.

"Magazi achepa," anatero azamba. "Muzimwa mankhwala awa. Muzidyanso masamba tsiku lililonse."

"Masambawo ndiwatenga kuti?" anafunsa amayi. "Wogulitsa masamba anasiya kulowa kuno. Akuti ngolo yake imatitimira m'matope. Kumsika ndi kutali. Miyendo yangayi singakafike."

Bambo ake a Wening ankanyamula katundu kudoko. Ankachoka m'mamawa. Ankabwera msika utatsekedwa. Galih, mchimwene wake wa Wening, ankatsuka njinga zamoto akaweruka kusukulu. Kumsika awiriwa ankapitako Lamlungu lokha. Pofika Lachiwiri, masamba ankakhala atatha.

"Ndilima ine," anatero Wening.

Aphunzitsi ake anamupatsa njere za bonongwe. Njerezo zinali zakuda. Zinali zazing'ono ngati mchenga.

Wening analibe khasu. Anakumba ndi supuni yakale. Nthaka inali yolimba. Anakumba, napuma. Anakumbanso, napumanso. Zala zinamupweteka.

Kenako anafesa njere. Madzi abwino anali ochepa pakhomopo. Wening ankathirira ndi madzi otsukira mpunga. Ankathirira m'mawa. Ankathirira madzulo.

Bonongwe anamera. Timasamba tiwiri apa, timasamba tiwiri apo.

Koma kwawo kwa Wening nyanja imabwera yokha. Sigogoda pachitseko. Ikadzaza, imalowa m'kanjira. Imafika mpaka pakhomo.

Masana ena nyanja inabwera. Inakwirira dimba lonse. Itabwerera, inasiya matope ndi mchere. Bonongwe anafota. Anafota yense.

Galih anaima pakhomo.

"Pepa, mlimi," anatero. "Nyanja yakudyera ndiwo."

"Musandiseke, achimwene."

"Sindikukuseka. Ndikungoti uzilima nsomba. Zija siziopa mchere."

Wening anakhala pansi. Anali atatopa.

Njere zina zinatsala. Wening anatola zitini zakale za penti. Anaziboola pansi. Anazisanja pamwamba pa njerwa.

Koma dothi la pakhomo linali lamchere. Dothi labwino linali kumtunda, kuseri kwa sukulu. Wening anatenga thumba la mpunga lopanda kanthu. Anathiramo dothi. Thumbalo linali lolemera.

Anayenda, natula. Anayendanso, natulanso. Msana unamupweteka. Mapewa anamupweteka.

Anafesanso njere. Anathiriranso m'mawa. Anathiriranso madzulo.

Bonongwe anameranso. Anakula kufika ngati chala. Nyanja inabwera, koma sinafike pa zitini.

Tsiku lina Wening anabwera kuchokera kusukulu. M'zitini munalibe kanthu. Munangotsala timitengo. Pafupi panali abakha anayi. Abakhawo anali a a Kasmuri, oyandikana nawo nyumba.

"A Kasmuri, abakha anu adya dimba langa," anatero Wening.

"Abakha anga? Ayi, mwanawe. Abakha anga ndi aulemu."

Bakha mmodzi anadutsa. Kukamwa kwake kunali katsamba kobiriwira.

A Kasmuri anakanda mutu.

"Uyu yekha ndiye alibe mwambo," anatero. "Pepa, mwana wanga. Tenga mazira awiriwa."

Wening analandira mazirawo. Anathokoza. Koma mazira si masamba.

Analowa m'nyumba. Anagona pamkeka chafufumimba.

"Basi, ndasiya," anatero. "Nyanja ikudya. Abakha akudya. Ine ndikungotopa."

Amayi anamusisita kumsana.

"Puma, mwana wanga," anatero. "Wayesetsa."

Zitini zinakhala pomwepo. Dothi linauma. Wening sankaziyang'ananso.

M'mawa wina amayi ankayanika zovala. Mwadzidzidzi anagwira khoma. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Milomo yawo inali itatuwa.

Wening anathamanga. Anawabweretsera madzi akumwa.

"Amayi, mwatani?"

"Palibe kanthu. Ndangotopa."

Wening anachita mantha. Anakhala pambali pawo mpaka anadzuka.

Madzulo bambo anabwera. Anakhala pabenchi. Anavula jombo zawo. Mapazi awo anali atanyowa.

"Jombo izi zatha," anatero bambo. "Zang'ambika zonse. Madzi akungolowa ndi kutuluka."

Anazikoleka pamsomali, pakhoma la panja. Anthu onse a m'kanjirako ankatero. Nsapato pakhoma. Tsache pakhoma. Chilichonse chapansi nyanja imatenga.

Wening anayang'ana jombozo. Zinali pamwamba. Nyanja sifika pamenepo. Bakha safika pamenepo.

"Ababa, mundipatse jombozi," anatero.

"Ukazitani? Ungalowemo yense."

"Ndidzalamo bonongwe. Mundikhomere misomali ina. Ndikufuna kukoleka zitini."

Bambo anatseka maso.

"Mawa, mwanawe. Lero thupi lakana."

Mawa linafika.

"Mawa, mwanawe," anateronso bambo.

Wening anatenga msomali. Anatenga mwala. Anakwera pampando. Anamenya msomali. Msomali unapindika. Anatenga wina. Anamenyanso. Mwala unamenya chala.

Wening sanalire. Anangoika chala m'kamwa. Kenako anatenga msomali wachitatu.

Bambo ankaona zonsezi. Anapuma mpweya wautali. Anadzuka pabenchi.

"Tsika, ungathe zala," anatero. "Galih, bwera ndi hamala."

Bambo anakhoma misomali. Go, go, go. Anakhoma mzere umodzi. Anakhomanso mzere wina. Anakoleka zitini ndi waya. Jombo ziwiri zija anaziika pakati.

"Dothi silikwana," anatero Wening. Anayang'ana thumba. Anayang'ana Galih.

"Ine ayi," anatero Galih.

Wening anangomuyang'anabe.

"Chabwino. Koma usauze anzanga. Angamanditche wilibala."

Lamlungu Galih ananyamula thumba. Anabwera thukuta lili kamukamu.

"Unkanyamula wekha zimenezi?" anafunsa.

"Ee."

Galih sanasekenso.

Njere zinatsala zochepa. Zinangokwana pachikhatho. Wening anazifesa mosamala. Pang'ono m'chitini ichi. Pang'ono m'chitini icho. Pang'ono m'jombo ya kumanja. Pang'ono m'jombo ya kumanzere.

Kuthirira kunali kovuta. Dimba linali pamwamba. Wening ankakwera pampando. Ankathirira, natsika. Ankasuntha mpando, nakweranso. Mkono unkatopa. Khosi linkatopa.

Masiku ena sankafuna kudzuka. Ankamva amayi akutsuka mpunga. Ankamva akuthira madziwo m'kabeseni.

"Madzi ako ali apa," ankatero amayi.

Wening ankadzuka.

Bonongwe anamera kachitatu. Wening sanauze munthu. Ankaopa kusangalala.

Masabata anapita. Masamba anakula. Anakula ngati khutu. Anakula ngati chikhatho. Wa m'jombo ndiye anakula kwambiri.

Masana ena nyanja inabweranso. Inalowa m'kanjira. Inafika pakhomo. Inakwera khoma pang'ono.

Wening anaima pawindo. Madzi anakwera kufika m'mawondo a munthu. Kenako anaima. Dimba linali pamwamba, louma bwinobwino.

Abakha a a Kasmuri anabwera akusambira. Anayang'ana m'mwamba. Anatambasula makosi. Sanafikire. Anazungulira, nabwerera kwawo.

"Amayi," anatero Wening motsitsa mawu. "Sanafikire."

Amayi anabwera pawindo. Anaona khoma lonse lili biriwiri.

"Tenga lichero," anatero. "Lero tidya."

Galih analowa m'madzi. Anagwira mpando kuti usagwe. Wening anakwera. Anathyola masamba akuluakulu okha. Aang'ono anawasiya kuti akule. Lichero linadzaza.

Amayi anaphika msuzi wa bonongwe. Anaikamo chimanga chachiwisi. Anaikamo anyezi. Anakazinganso tempe, ndiwo yopangidwa ndi soya. M'nyumba monse munanunkhira.

Bambo anabwera dzuwa lisanalowe. Pansi panali patanyowabe. Onse anakhala pabenchi, miyendo m'mwamba.

Bambo analawa msuzi.

"Uyu ndi wa m'chitini kapena wa m'jombo?" anafunsa.

"Wa m'jombo," anayankha Wening.

"N'chifukwa chake akukoma. Mapazi angawa ndi feteleza."

"Ababa, tikudya," anatero Galih, atakwinya mphuno.

Amayi anaseka. Anali asanaseke kwa nthawi yaitali. Anamaliza mbale yawo. Anawonjezeranso ina.

"Mawa aliponso?" anafunsa.

"Alipo, amayi. Mawa ndithyola m'zitini za kumapeto. Mkuja ndithyola za pamwamba."

"Nanga akatha?"

"Satha. Ukathyola, amaphukanso."

Wening anayasamula. Maso anayamba kulemera. Anatsamira pamimba ya amayi. Supuni inali ikadali m'dzanja.

Kenako anadzidzimuka. Kanthu kanamugunda pakhutu. Du. Kanamugundanso. Du.

"Amayi, mwana akundimenya."

"Sakukumenya," anatero amayi. "Akuthokoza."

"Ayi, amake Galih," anatero bambo. "Akuti muwonjezere mbale yachitatu."

Wening anamwetulira. Anaikanso khutu pomwepo. Galih anamuchotsa supuni m'dzanja. Bambo anamufunditsa nsalu. Wening anagona, mwana akugundabe pang'onopang'ono.