Mpope Wakale pa Mfuti Yatsopano

Sabata imene anaika m'manda Olmiro Prestes, dalaivala wa lole yemwe anawomberedwa pamsewu wa ku Santo Aleixo, ndi sabata yomweyo imene Adelino Zanchet anagula volovolo yatsopano. Anaigula kushopu ya mfuti ya Nerci Fagundes, kompadre wake, amene ananyamula mwana wamkazi wa Adelino pa ubatizo.

Adelino ankaphika buledi, koma dzina lake linali pa zipolopolo. Ankasungunula mtovu kuseri kwa bekale, kuuthira m'chikombole, n'kuyeza onga yekha. Kukalabu ya owombera chandamale palibe ankamuposa.

Loweruka masana mfutiyo inamuchititsa manyazi. Zipolopolo zinkamwazika ngati mpunga, zina kuboola pepala cham'mbali.

"Bambo Adelino, lero mwaumba mabanzi kapena zipolopolo?" anatero mmodzi, anzake n'kufa nacho chikhakhali.

Zinamuwawa. Anapita kwa Nerci.

"Mfuti ndi yatsopano iyi, kompadre," anatero Nerci. "Mtovu wanu wafewa. Kapena maso ayamba kukalamba. Zimachitika."

Adelino anakhulupirira. Anaumitsa mtovu, anachepetsa onga, anasintha mafuta opaka, anataya chikombole chimene chinamutumikira zaka zambiri. Sizinathandize. Anthu anasiya kumufunsa nzeru, ena n'kumanong'ona kuti madala atha.

Lachitatu m'mawa anachita chimene anayenera kuyambira. Anatenga kachibulumwa ka mtovu wofewa, n'kukakankha ndi kamtengo kudutsa mumpope wa mfuti, kuti kadinde za m'kati. Pafupi ndi thupi la mfuti kanathina, ngati mpope unamangidwa mwankhanza. Kutsogolo kanangotsetsereka. Atakayang'ana pawindo, mizere ya m'kati mwa mpope inali yofufutika, ndipo mbali imodzi panali kukandika kwakuya.

Mpope wotha pa mfuti yatsopano. Anapala utoto wakuda pang'ono, n'kupeza zipsera za mano a chitsulo chopanira, umboni woti mpopewo unachita kusinthidwa.

Sanabwerere kwa Nerci. Anavula epuloni n'kupita kupolisi, akuganiza kuti wangoberedwa.

Delegada Marlise Dorneles, mkulu wa polisi, anatumiza mfutiyo kokayeza. Lolemba anaitanitsa Adelino, ndipo sanamupatse mpando.

"Kukandika komweku kuli pachipolopolo chimene chinapha Olmiro. Munali kuti tsiku limenelo?"

"Pa uvuni, mayi. Ndikanapha munthu, ndikanabwera nayo ndekha mfutiyi?"

"Ena amatero."

"Ndiye kafunseni amene anapana mpopewu. Ine chopanira changa n'cha mtanda wa buledi."

Anamusunga mpaka madzulo. Mbiri inafika kubekale iye asanafike, ndipo mawa lake buledi anagona pashelefu. Munthu woti sanabepo ngakhale dzira, lero amayi akamuona akukokera ana awo tsidya lina la msewu.

Lachinayi apolisi anafika kushopu ya Nerci dzuwa lili paliwombo. Mano a chopanira chake anagwirizana ndi zipsera zija. Pansi pa kauntala anapeza volovolo yakale ya Jandir, mwana wa Nerci, itavala mpope wonyezimira wa mfuti yatsopano ija. Apolisi anamugwira Jandir kuseri akukwera njinga yamoto. Sanachedwe kuulula kuti anakangana ndi Olmiro chifukwa cha mkazi, n'kumuwombera.

Adelino anaima pakhomo, ufa uli m'manja, pamene ankamutulutsa Nerci ndi unyolo.

"Kompadre, ndi mwana wanga," anatero Nerci. "Inunso ndinu bambo."

"Mtsinje uli apo. Bwanji simunautaye mpopewo?"

"Mfuti yatsopano ikanatsala yopanda mpope. Apolisi akanandifunsa."

"Nanga bwanji ine? Makasitomala muli nawo ambiri."

Nerci anayang'ana pansi.

"Wina aliyense akanaibweza tsiku lomwelo. Koma inu odziumbira zipolopolo, mfuti ikaphonya mumayamba mwadziimba mlandu nokha. Ndimati mutha chaka mukusintha mtovu."

Adelino anamuyandikira mwaukali, moti wapolisi anaima pakati pawo.

"Munandiuza kuti maso anga akalamba, mukudziwa."

"Pepani, kompadre."

"Dzina limenelo mulisiye pompano. Kumene mukupitako mukanditchule kuti mboni."

Wapolisi anatseka chitseko cha galimoto.