Nkhumba Yosinja ya Modesta

Modesta anadziwana ndi Rodwell chifukwa cha makina ogayira nyama. Munali mu 1956, pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru, kumene mtsikanayu ankathandiza kuphika kunyumba ya mzungu. Tsiku limenelo dona anafuna nkhumba yogaya, koma makina aja, kachitsulo kopukusa ndi dzanja, anangoti gwa! osayendanso. Modesta analimbana nawo mpaka thukuta kamukamu.

"Achemwali, mukatero uthyoke ndi mkono wanu, osati makinawo," anatero munthu wina pakhomo la khitchini.

Anali Rodwell, kapitawo watsopano wa kumabalani a fodya, mnyamata wamtali wa ku Ntcheu, wampata kumano. Anabwera kudzapempha madzi akumwa, koma ludzu analiiwala. Anamasula makina aja, n'kuchotsa mitsempha imene inakulungana m'kati, n'kumanganso. Nyama inayamba kutuluka bwinobwino.

Modesta atakazinga timibulu take ta nyama, anabisa kamodzi m'tsamba la nthochi n'kumupatsira kuseri.

"Zikomo wanga ndi ameneyu."

"Ndi nyama yanji imeneyi?"

"Ya nkhumba."

Rodwell anayang'ana uku ndi uku. Modesta anayesa akuopa dona. Kenako mnyamata uja anaponya kambulu kaja m'kamwa, n'kutsinzina.

"Mayo ine! Kodi inu munaphunzira kuphika kapena kulodza?"

Modesta anaseka mpaka kubisa nkhope m'nsalu. Abale, mtima ndi chitsiru! Wake unapita tsiku lomwelo.

Ngakhale ankagwira ntchito pa esiteti imodzi, Rodwell ankakonda makalata. Ankalemba pa timapepala ta kumabalani n'kupanikiza pamphanda ya mtengo wa mango, pafupi ndi thanki ya madzi.

"Duwa langa la ku Nsaru, tulo tandithawa. Ndikamawerenga mabelo a fodya ndikumasokoneza chifukwa cha iwe. Wako mpaka imfa, Rodwell."

Modesta ankawerenga katatu, kanayi, kenako n'kubisa pachifuwa.

Lamulungu lililonse Rodwell ankapalasa njinga kupita kumudzi kwa mtsikanayu. Kumeneko kunalibe makina, koma wokonda sasowa nzeru. Modesta akapeza kanyama ka nkhumba ankakaduladula ting'onoting'ono, n'kusinja mumtondo wa nsinjiro mpaka kufewa. Ankathiramo anyezi, mchere, tsabola ndi ufa woyera wodzaza dzanja limodzi, n'kuumba timibulu, n'kukazinga m'mafuta a nkhumba yomweyo. Masiku ena ankakulunga nyamayo m'masamba a mnkhwani, n'kumanga ndi luzi, n'kuwiritsa m'msuzi wa matimati. Ikachepa ankaitendera nsinjiro kuti ikwane nyumba yonse. Rodwell ankanyambita zala ngati mwana.

"Kodi inu kwanu mumapemphera mpingo wanji?" Modesta anamufunsa tsiku lina.

"Mulungu ndi mmodzi, nthiti yanga. Kumene upite iwe, ine ndili komweko."

Ndipo ankamuperekezadi kutchalitchi cha Akatolika, n'kumaima kumbuyo, chipewa m'manja. Nanga mtsikana angafunenso umboni wanji?

"Simudzandisiya, eti?"

"Ine? Mtsinje wa Bua uyambe wauma, ndiye ndidzaganize zokusiya. Wapamtima wanga, ndikakhala kutali ndi iwe ndimangokhala ngati nyumba yopanda denga."

Chaka chitatha, mu Okutobala, Rodwell anapempha tchuthi cha masabata awiri kuti akatenge amalume ake ku Ntcheu, adzafunsire mbeta. Potsanzika anacheuka, phazi lili kale pa njinga.

"Mudzawaphera nkhukutu, eti?"

"Nanga mlendo timamuphera chiyani china?" Modesta anayankha akuseka.

Pasanathe masiku atatu, chitopa chinalowa m'mudzi. Chinasesa makola onse, kuyambira kumtunda mpaka kudambo. M'mawa kunkacha popanda ndi tambala mmodzi yemwe wolira. Amayi a Modesta, a Ezeliya, anayenda midzi inayi kufuna nkhuku, koma anabwerako manja ali lende.

"Alendo a ukwati tiwapatse therere? Kalanga ine, manyazi ake!" anadandaula motero.

Amene anapulumutsa zinthu anali a Zakeyo, atsibweni ake a Modesta, omwenso anali nkhoswe yake. Anapha kankhumba kawo kamene ankasungira Khirisimasi.

"Uphike zija za kwa azungu zija, anthu a ku Ntcheu akasimbe kwawo," anatero.

Tsiku la alendo Modesta anasinja nyama ija akuimba. Timibulu tinapsa bwino, tofiirira, fungo lake mpaka kuchitsime. Alendo anafika masana: Rodwell mu jekete yobwereka, ndi amalume ake a Abrahamu, munthu wa imvi, woyankhula mofatsa. Anawayalira mphasa pakhonde pa a Zakeyo. Mawu a ukwati atayenda bwino, chakudya chinapita.

Modesta ankasuzumira pampata wa mpanda. Anaona Rodwell akuvundukula mbale ya ndiwo, dzanja n'kuuma m'malere. Anamuona akutsegula pakamwa ngati anene kanthu, n'kutsekanso. Anatapa kamsuzi kokha. Kodi ndi manyazi a pamaso pa akuluakulu? Koma a Abrahamu anapemphera, n'kudya ndi mtima wonse, mpaka mbale kuyera.

"Tandiitanireni wophikayo ndimuone," anatero.

Modesta anabwera n'kugwada chapatali, mtima ukugunda ndi chimwemwe.

"Mwana wanga, manja ako ndi odala. Mphwangayu wasankha bwino. Koma tandiuza, ndi nkhuku yanji yopanda ndi fupa lomwe?"

"Si nkhuku ayi, bambo. Nkhuku zatha ndi chitopa. Imeneyi ndi nkhumba yosinja. A Rodwell amaikonda zedi."



A Abrahamu anadzuka pang'onopang'ono n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Aliyense anawamva akusanza. Pobwerera, misozi inali m'maso.

"Zaka makumi anayi ndili mu mpingo wa Sabata," anatero. "Ndine mkulu wa mpingo. Nkhumba sinadutsepo pakhosi pangapa. Lero ndadya mpaka kupempherera!"

"Pepani, pepani ndithu!" a Zakeyo anawomba m'manja. "Ife sitimadziwa. Mnyamatayu sanatiuzepo za mpingo wanu."

A Abrahamu anatembenukira kwa mphwawo.

"Rodwell, ndinakuperekeza ndekha kumtsinje tsiku la ubatizo wako. Mwanayu akuti umaikonda. Wakhala ukudya nkhumba kuno?"

Modesta anayang'ana bwenzi lake. Anadikira kuti anene kuti inde amalume, ndinalakwa, koma mkazi ndi yemweyu. Rodwell anapukuta thukuta ndi mkono wa jekete.

"Ayi, amalume! Ine ankandiuza kuti ndi ng'ombe. Nanga nyama yosinja munthu angaidziwe bwanji? Inuyo mwaidziwa?"

Mayi wanga ine! Modesta anamva ngati amuthira madzi ozizira kumsana. Ng'ombe? Iyeyo? Liti?

"Mwana wanga," a Abrahamu anamufunsa mofatsa, "usaope. Ndiuze zoona pamaso pa Mulungu. Kodi ameneyu ankadziwa chimene ankadya?"

Rodwell anakweza maso. Anali maso a munthu amene akumira. Modesta anadziwa kuti akanena zoona, mnyamatayu amuchotsa mumpingo, ndipo kwawo adzamuloza chala moyo wake wonse. Akanama, ukwati uthera pamphasa pomwepo. Koma mwina, mwina akaona chimene wamuchitira, adzabwerera yekha. Nanga munthu angaiwale chikondi chotere?

"Samadziwa," anatero, maso ali pansi.

"Iwe Modesta!" a Zakeyo anakuwa. "Watinyazitsa!"

A Abrahamu anatola chipewa chawo. "Mkazi wobisa za mumphika adzabisanso za mumtima. Pepani a Zakeyo, mawu athu aja tabweza."

Anatuluka m'mudzi, Rodwell akukankha njinga pambuyo pawo. Modesta anathamangira kumpanda.  Mnyamata uja sanacheuke.

A Ezeliya, amene anamva zonse ali kukhitchini, anamugwira mwana wawo paphewa n'kumugwedeza.

"Wanamiranji? Si ine ndemwe ndinkamva akukufunsa kuti nkhumba ija yatsalako? Tiye ukawauze atsibweni ako zoona!"

"Amayi, musiyeni. Abweranso. Akangowasiya amalume akewo kwawo, abwera."

"Wadzibaya wekha, mwana wanga."

Rodwell sanabwerere ku esiteti. Mvula inagwa, anthu anadzala, anapalira. Kumabalani kunabwera kapitawo wina. Kuchitsime amayi akamuona Modesta ankakodolana.

"Ngati anabisa nkhumba, ndiye kuti anathiramonso zina. Kondaine amalowera momwemo!"

Anyamata a m'mudzi anayamba kumulambalala. A Zakeyo anatha mwezi osamuyankhula. Kuntchito dona akafuna nyama yogaya, Modesta ankapukusa makina misozi ikugwera pamkono. Anaonda mpaka nsalu kumasuka yokha. Komabe belu la njinga likalira kumsewu, ankasiya chilichonse n'kuthamangira panja.

Kalata inafika mu Januwale, kudzera ku ofesi ya esiteti. Anazindikira kalembedwe kake asanaigwire n'komwe. Anathamangira nayo kumudzi osatsegula, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Amayi! Amayi! Ndinkanena ine! Walemba!"

A Ezeliya anasiya khasu. "Werenga timve."

Modesta anang'amba envulopu, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Kwa Modesta. Ine kuno ndili bwino. Akuluakulu a mpingo anaimva nkhani yonse ndipo anandipeza wosalakwa. Mwezi wa mawa ndikukwatira Rose, mwana wa mlaliki wathu. Amalume akuti mkhristu asalowe m'banja ali ndi chakukhosi..."

Analekeza pomwepo. 

"Malizatu, akuti chiyani?" a Ezeliya anafunsa.

Modesta anakhala pansi padothi lonyowa, kalata ili pamwendo.

"Akuti wandikhululukira, amayi."