Amayi a Manja Anayi

Ireen ankakhala ku Katete ndi amayi ake. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna amayi ake aseke.

Chimwalirireni atate ake, amayi sankaseka. Ankalima okha. Ankatunga madzi okha. Ankagulitsa matimati okha. Abale a atate? Anangotenga njinga ya atate, ulendo! Amayi akatopa, ankakalipa.

Tsiku lina Ireen anapita kukagula pensulo. Analowa m'sitolo ya Anti Hansa, mayi wachimwenye. Pakhoma panali chithunzi. Pansi pake pankayaka kanyale. Pachithunzipo panali mayi wovala zofiira. Anakhala pa duwa lalikulu. Anali ndi manja anayi.

"Anti, wojambula analakwitsa!" anatero Ireen. "Manja achuluka. Ndipatseni ndikonze."

Anti Hansa anaseka.

"Sanalakwitse, mwanawe. Awa ndi a Lakshmi. Ife Ahindu timawapembedza. Manja awiri sangakwane ntchito yawo. Awiriwa agwira maluwa. Ili limapatsa. Ili lotambasulali limati, usaope."

Ireen anayang'ana. Anayang'ananso. Kenako anathamangira kunyumba.

Anajambula amayi ake. Anajambula mpango wawo. Anajambula manja anayi.

Amayi anabwera kuchokera kudimba ndi khasu.

"Amayi, onani!"

Amayi anaona. Anatong'ola maso.

"Iwe! Ndine kangaude ine? Anthu a kutchalitchi akaona adzati chiyani? Bweretsa nding'ambe!"

Ireen anabisa pepala kumbuyo.

"Dikirani, amayi. Manja awiri sangakwane ntchito yanu."

Anatulutsanso pepala pang'onopang'ono.

"Ili lagwira khasu. Ili lagwira ndowa. Ili lagwira matimati."

"Nanga ili?" anafunsa amayi. "Lopanda kanthu? Laulesi?"

"Silaulesi. Ili ndi langa. Limati, Ireen, usaope."

Amayi anayang'ana pepala. Anayang'ana Ireen. Anaika khasu pansi.

"Mphuno iyi ndi yanga?" anafunsa. "Mphuno ngati mbatata?"

"Pensulo inatsetsereka," anatero Ireen.

Mapewa a amayi anayamba kugwedezeka. Kenako, "He he de!" Amayi anaseka. Anaseka mpaka nkhuku zinathawa. Anaseka mpaka misozi.

Anapachika chithunzicho pakhoma ndi munga.

"Wochikhudza aona," anatero.

Kenako anatambasula manja.

"Ine ndili nawo awiri okha, mwana wanga. Bwera kuno."

Ireen analowa pakati pake. Manja awiriwo anakwana.