Ulusi Wofiira wa Jumana

Jumana anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala mumzinda wa Irbid. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukathyola azitona limodzi ndi mchimwene wake Siraj.

Siraj anali mwana woyamba. N'chifukwa chake anthu ankatchula Ababa kuti Abu Siraj, bambo a Siraj.

Siraj sankatha kuyenda. Ankayendera chikuku. Chikukucho chinali ndi matayala awiri aakulu ndi awiri aang'ono.

Munda wa azitona unali kumapiri a Ajloun. Banja linkapitako Lachisanu lililonse. Koma galimoto yawo inali yaing'ono. Chikuku sichinkalowa mubuti. Chinkakhala pampando wakumbuyo, pamalo a Jumana.

Siraj akapita, Jumana ankatsala. Jumana akapita, Siraj ankatsala. Wotsalayo ankakhala kwa aneba. Ankangoyang'ana pawindo.

"Si chilungamo chimenechi!" ankatero Jumana.

Tsiku lina Ababa anabwera wapansi.

"Galimoto ija ndagulitsa," anatero Ababa. "Mawa tikukagula ina ku Zarqa. Tikufuna yaitali, ya matayala akuluakulu, yokwera mapiri."

"Ndalamazi tasunga zaka zinayi," anatero Amayi. "Musakapitirire pamenepo. Isakhalenso yomwa mafuta kwambiri. Paja muzipita nayo kuntchito tsiku lililonse."

"Ndamva, ndamva," anatero Ababa.

"Ndipita nawo!" anatero Siraj.

Ababa anapukusa mutu. "Tikwera basi, mwanangu. Chikuku sichingalowe. Ndipita ndi amalume ako a Munir. Jumana akhoza kubwera."

Jumana anamenya phazi pansi.

"Galimoto ndi ya tonse. Nanga Siraj atsaliranji? Si chilungamo chimenechi!"

Siraj anamukodola.

"Usatupe masaya, iwe. Uphulika. Katenge ulusi wa Amayi."

Jumana anabweretsa ulusi wofiira. Anayeza chikuku kuchokera pansi mpaka pamwamba. Siraj anamanga mfundo yoyamba. Anayezanso kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Siraj anamanga mfundo yachiwiri.

"Ukayeze buti ya galimoto iliyonse," anatero Siraj. "Usakachite manyazi."

"Ndimaopa kulankhula ndi anthu achilendo," anatero Jumana.

"Ukalankhule ngati mmene umandikalipira ine," anatero Siraj.

Jumana anaseka. Anaika ulusi m'thumba.

M'mawa anakwera basi. Ku Zarqa kunali fumbi. Kunalinso magalimoto ambirimbiri. Oyera, akuda, ofiira. Jumana anagwira malaya a Ababa. Dzanja lina linali m'thumba, pa ulusi.

Wogulitsa magalimoto anabwera akumwetulira. Nsapato zake zinali zonyezimira.

"Awa ndi alamu anga, Abu Siraj," anatero amalume a Munir.

"Takulandirani, Abu Siraj! Takulandirani ndi manja awiri!" anatero wogulitsayo. Jumana sanamupatse moni.

Anawaonetsa galimoto yakuda. Inali yaitali. Inali yowala ngati nsapato zake. Denga lake linali lagalasi.

"Iyi ndiye galimoto!" anatero amalume. "Alamu, mukalowa nayo mumsewu wathu, aneba onse adzatuluka kudzaonerera."

Ababa anafunsa mtengo. Atamva, anaimba mluzu.

"Musadandaule," anatero amalume. "Zotsalazo muzilipira pang'onopang'ono."

"Amayi anati musapitirire," ananong'ona Jumana.

"Khala chete, iwe. Izi ndi za akuluakulu," anatero amalume.

Ababa analowa m'galimoto muja. Anatseka chitseko. Anagwira chiwongolero. Anayang'ana kumwamba kudzera m'galasi. Anamwetulira ngati kamwana.

Jumana anaima pafupi ndi wogulitsa.

"Nditsegulireni buti," anatero chapansipansi.

Wogulitsa sanamve.

"Nditsegulireni buti," anateronso.

Wogulitsa ankacheza ndi amalume.

"Nditsegulireni buti!" anakuwa Jumana.

Wogulitsa anaseka. "Kamtsikanaka kakufuna kugonamo kapena?" Koma anatsegula.

Jumana anatulutsa ulusi wofiira. Anayeza kuchokera pansi mpaka pamwamba. Denga linali lotsetsereka chakumbuyo. Mfundo yoyamba inatsala kunja.

"Sichikwana," anatero Jumana.

"Chiyani?" anafunsa wogulitsa.

"Chikuku cha achimwene anga."

"Aa, chikuku! Muzichimanga padenga."

"Padenga lagalasi?" anafunsa Jumana.

Wogulitsa anakweza mapewa. "Ndiyetu mwanayo azitsala kunyumba. Kumapiri akukatani?"

Nkhope ya Jumana inatentha. Makutu anatentha. Anayang'ana amalume. Amalume ankagogoda tayala ndi phazi. Anayang'ana Ababa. Ababa anali m'galimoto. Sanamve chilichonse.

"Si chilungamo chimenechi," anatero Jumana. Koma palibe anamumva.

Ababa anatuluka m'galimoto. Maso awo ankawala. Wogulitsa anabweretsa khofi. Anathira m'tikapu ting'onoting'ono.

"Imwani, Abu Siraj. Tikatero tigwirane chanza. Galimotoyi ndi yanu."

Ababa ananyamula kapu. Inatsala pang'ono kufika pakamwa.

Jumana anakumbukira mawu a Siraj. Anaima patsogolo pa Ababa.

"Ababa! Dzina lanu ndani?"

Ababa anadabwa. "Ukufunsa chiyani, mwanangu?"

"Anthu amakutchulani ndani?"

"Abu Siraj."

"Nanga Sirajiyo azikhala pati?"

Jumana anakweza ulusi wofiira m'mwamba.

"Chikuku sichikwana! Ndayeza! Bambo awa akuti Siraj azitsala kunyumba. Akuti kumapiri akukatani. Siraj watsala kokwanira! Inenso ndatsala kokwanira! Si chilungamo chimenechi!"



Ababa anayang'ana ulusi. Anayang'ana mfundo ziwiri zija. Anazidziwa. Siraj yekha ndiye ankamanga mfundo zazikulu choncho.

Ababa anaika kapu pansi. Sanamwe ngakhale pang'ono.

Wogulitsa anayang'ana kapuyo. Anasiya kumwetulira. Mlendo akasiya khofi osamwa, ndiye kuti nkhani sinathe.

"Alamu, mumvera mwana?" anafunsa amalume.

"Mwanayu wabwera ndi muyezo," anatero Ababa. "Inu ndi ine tangobwera ndi maso."

Kenako anawerama. "Jumana, ndipatse mbali imodzi ya ulusi."

Ababa anagwira uku. Jumana anagwira uku. Anayamba kuyeza.

Anayeza galimoto yofiira. Mfundo yoyamba inatsala kunja.

"Sichikwana!" anatero Jumana.

Anayeza galimoto yotuwa. Mfundo yachiwiri inatsala kunja.

"Sichikwana!" anatero Jumana.

Anayeza galimoto yaikulu ngati basi. Mfundo zonse zinalowa. Koma Ababa anafunsa za mafuta.

"Imamwa ndithu," anavomera wogulitsa.

"Ndiye sitikwanitsa," anatero Ababa.

Dzuwa linatentha. Amalume anatopa. Anakhala pamthunzi n'kumadzikupiza ndi nyuzipepala.

Kumapeto kwa bwalo kunali galimoto yoyera. Inali ndi fumbi. Sinali yatsopano. Kumbuyo kwake kunali kowongoka ngati bokosi.

Jumana anayeza kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mfundo yoyamba inalowa. Anayeza kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Mfundo yachiwiri inalowa. Malo anatsalanso.

"Chikwana!" anakuwa Jumana. "Ababa, chikwana! Ndi madengu a azitona omwe!"

Amalume anabwera kudzaona.

"Iyi? Ikuoneka ngati firiji!"

"Imakwera mapiri?" anafunsa Ababa.

"Imakwera," anatero wogulitsa.

"Imamwa mafuta ambiri?"

"Ayi, pang'ono chabe."

Ababa anayang'ana injini. Anayang'ana matayala. Anaiyendetsa kuzungulira bwalo, Jumana ali kumbuyo. Kenako anafunsa mtengo. Ulendo uno sanaimbe mluzu.

Wogulitsa anathira khofi wina. Koma Ababa sanalandire.

"Pali mawu amene munanena za mwana wanga," anatero Ababa.

Wogulitsa anaweramitsa mutu. "Pepani, Abu Siraj. Ndinalakwa."

"Musapepese Ababa," anatero Jumana. "Mupepese Siraj."

Ababa anatulutsa foni. Anaimbira kunyumba. Anafotokozera Siraj zonse. Kenako anapereka foniyo kwa wogulitsa.

"Pepa, mwanangu. Ndinalankhula zopusa," anatero wogulitsa.

Mawu a Siraj anamveka bwinobwino.

"Ndikukhululukirani, amalume. Koma mutsitseko mtengo."

Ababa anaseka. Amalume a Munir anaseka mpaka kutsokomola. Wogulitsa anagwira mutu.

"Ana anuwa, Abu Siraj! Wina ulusi, wina pakamwa!"

Anatsitsako mtengo. Apo Ababa anamwa khofi. Anagwirana chanza.

Lachinayi galimoto yoyera inafika kunyumba. Amayi anaizungulira kawiri. Anafunsa mtengo. Anagwedeza mutu mokondwa.

Amalume anabweretsa mbale yaikulu ya kunafa yotentha, keke yotsekemera ya tchizi. Aneba onse anatuluka kudzadya.

"Mabruk, Abu Siraj!" anatero aneba powafunira zabwino. "Muyende nayo bwino!"

"Mwaona, alamu?" anatero Ababa. "Aneba atuluka ndithu."

"Atulukira kunafa, osati firiji," anatero amalume.

Lachisanu linafika. Ababa ananyamula Siraj n'kumukhazika pampando wakumbuyo. Ananyamula chikuku n'kuchiika mubuti. Buti inatsekeka bwinobwino.

Jumana anakhala pafupi ndi Siraj. Palibe anatsala kwa aneba. Palibe anayang'ana pawindo.

"Sendera uko, ukundipanikiza," anatero Siraj.

"Senderani ndinu, achimwene," anatero Jumana.

"Mwayamba kale?" anatero Amayi. Koma ankaseka.

Galimoto inakwera phiri. Inadutsa m'miyala. Inafika kumunda.

Jumana anakwera mumtengo wa azitona. Siraj anakhala pansi pake. Anayala nsalu pamiyendo. Jumana anagwedeza nthambi. Azitona anagwa, pha pha pha! Ena anagwera pansalu. Ena anagwera pamutu pa Siraj.

"Iwe! Si chilungamo chimenechi!" anakuwa Siraj.

Jumana anaseka mpaka nthambi inagwedezekanso.

Madengu anadzaza. Madengu onse analowa mubuti, pambali pa chikuku.

Pobwerera, Ababa anapempha ulusi wofiira uja. Anaumanga pagalasi loonera kumbuyo. Mfundo ziwiri zinkalendewera. M'galasimo munkaoneka ana awiri.