Dzina Loyamba pa Mndandanda

Lachinayi, 7:40 m'mawa, Kaputeni Isaiah Makwinja anaimika galimoto pageti la nyumba ina ku Brooklyn, dera la anthu olemera ku Joni. Mwininyumba, mayi wachizungu, ankalira atatsamira khoma. Makwinja anangomulambalala. Wolira umamupeza pomwe wamusiya, koma umboni suchedwa kupondedwa.

Mtembo unali m'kachipinda ka antchito, kuseri kwa garaja. Anali Tisungeni Kalonga, wazaka 38, wa ku Ntcheu, amene anagwira ntchito panyumbapo zaka zisanu ndi zinayi. Anagwa chafufumimba pakati pa bedi ndi tebulo, bala lili kunkhongo. Simbi yositira inali pansi, itapukutidwa bwinobwino. Chitseko sichinathyoledwe. Foni inali pabedi, laputopu patebulo, ndipo kunsi kwa tebulolo kunali makatoni awiri a mabuku.

"Dokotala akuti dzulo, pakati pa 2 ndi 4 koloko masana," anatero Sajeni Dineo, mnzake wa pantchito. "Madamu anali ku ofesi. Kamera ya pageti inafa mwezi watha. Palibe chimene chabedwa."

Makwinja anatola buku limodzi. Pachikuto panali dzina la malemuyo. Makwinjayo anabadwira ku Joni komweko, ku Atteridgeville, koma bambo ake anali a ku Thyolo, obwera ndi ntchito ya m'migodi, ndipo Chichewa anachiphunzira pokalipiridwa. N'chifukwa chake mlandu uliwonse wa Mmalawi unkagwera patebulo pake.

"Ankalemba mabuku?"

"Atatu, odzisindikizira yekha. Madamu akuti Lachisanu lililonse amatumiza kalata pa imelo kwa owerenga ake. Anthu 3,418, Kaputeni. Wantchito wa m'nyumba! Ine pa tsiku langa lobadwa amandikumbukira anthu asanu."

"Mwamuna alipo?"

"Chancy. Amasoka mipando ya magalimoto pafakitale ina ku Rosslyn, amagona ku Hammanskraal. Lamlungu anakangana mpaka madamu anamva ali m'khitchini. Ndaimba kufakitale. Dzulo sanapiteko."

Anakamutenga 1 koloko masana. Pofika 2:15 anali m'chipinda chofunsira, maso ali psuu, manja ali pakati pa mawondo.

"Achimwene, Lamlungu munakangana za chiyani?"

"Za anthu akewo, bwana."

"Anthu ati?"

"A pa imelo. Ine ndimabwera Loweruka, takisi ziwiri, nditatopa. Ndikufika, mkazi ali pa laputopu. Akuti aliyense woyankha kalata ayenera kuyankhidwa, pomutchula dzina. Ine ndikamutumizira uthenga amangoti 'sharp', liwu limodzi basi. Koma Habibu, eish! Habibu amalandira ndime zinayi."

"Habibu ndani?"

Chancy anaweramitsa mutu. "Ndi amene ndinakamusaka dzulo ku Marabastad. Ndimati ndikamuone mwamuna mnzangayo. Ndinapeza gogo, bwana. Telala wa diso limodzi, mano atatu. Anandiwiritsira tiyi, n'kunditumanso kuti ndikapemphe mkazi wanga asamuphe mtsikana wa m'nkhani yake."

"Munachokako nthawi yanji?"

"Cha m'ma 11."

"Kenako?"

"Ndinangoyendayenda m'tauni. Manyazi, bwana."

"Anakuonani ndani?"

"Palibe."

Gogo Habibu anavomereza za tiyiyo, koma tiyi wa 11 koloko sapulumutsa munthu pa mlandu wa 3 koloko. Dineo anatseka faelo.

"Nsanje ilipo, mpata unalipo, mboni alibe. Lolemba akaonekere kukhothi."

Makwinja sanatsutse, koma sanavomere. Ankadziwa mmene zimathera. Mlendo wa mlandu wakupha sapatsidwa belo msanga, ndipo fakitale sidikira munthu. Chancy akangolowa m'khothi Lolemba, chaka chikanatha ali m'ndende, kaya anapha kaya sanaphe.

Lachisanu 6 koloko m'mawa kalata ya malemuyo inatuluka monga mwa masiku onse, poti anali ataitchereratu. Makwinja anaiwerenga pa laputopu ija. Inalibe mawu akuluakulu. Inali ya galu wa madamu, galu amene ali ndi dokotala wakewake wa mano, ya katundu amene anasochera pabasi yopita kumudzi, kenako chigawo cha nkhani yatsopano. Pamapeto panali funso: "Inu, chimene munalakwitsa tsiku loyamba kuntchito kuno ku Joni ndi chiyani?" Pofika 9 koloko anthu oposa 200 anali atayankha munthu wakufa.

M'buku loyamba la Tisungeni munali mawu othokoza "a Zakeyu Kamzati, amene anandionetsa njira". Makwinja anawapeza 10:30, misewu itatu kuchokera pamalo a imfa, akudulira maluwa panyumba ina. Anali bambo wazaka 63, wovala ovolosi yabuluu koma cholembera chili pathumba. Kumudzi ku Dedza anali mphunzitsi wamkulu.

"Mwana wanga ameneyo," anatero, akupukuta m'maso ndi kansalu. "Pobwera kwa ine sankadziwa ndi poyatsira kompyuta pomwe. Imelo ndinamutsegulira ndine. Zoti wolemba azisunga mndandanda wa owerenga ake ndinamuuza ndine."

"Nanunso mumalemba, Aphunzitsi?"

"Mabuku asanu ndi awiri. Mbiri, chikhalidwe, zinthu zolemera."

"Owerenga kalata yanu ndi angati?"

Sizasi inaima. "Alipo 212. Koma owerenga enieni, bwana Kaputeni. Nkhani za m'khitchini zimakoka anthu ngati ntchentche pa mango. Sindikunyoza malemu ayi. Anali ndi kamphatso ndithu."

"Munamuona liti komaliza?"

"Lamlungu, kutchalitchi. Lachitatu ndinali pano tsiku lonse ndi maluwa angawa. Mwamunayo mwamugwira, eti? Wansanje uja. Ndinkamuchenjeza mwanayo."

Eni nyumbayo anali ku Cape Town, choncho mboni za Aphunzitsi zinali maluwa okhaokha. Koma kuwawa mtima si mlandu. Makwinja anabwerera ku ofesi chimanjamanja.

Loweruka 9:05 anatulutsa foni ya malemuyo m'thumba la umboni. Nambala yotsegulira anali atapereka Chancy. Anayang'ana mauthenga, zithunzi, kenako imelo. Apa ndi pamene anaona kuti pafonipo panali maadiresi awiri. Yachiwiri inali ya dzina lachilendo, Elube Nangozo. Mmenemo munali makalata 187, onse ochokera kwa Tisungeni, imodzi pa Lachisanu lililonse. Munalibe uthenga wa banki, wa sitolo, kapena wa munthu wina aliyense, kupatula umodzi wapamwamba penipeni, wofika 8:30 m'mawa womwewo. Unachokera kwa Zakeyu Kamzati.

Mutu wake unali "Kulira mwana wanga". Ndime zisanu ndi zitatu za misozi, zambiri zonena za mphunzitsi kuposa wophunzira. Kumapeto kunali chithunzi cha buku latsopano la Aphunzitsi, ndi mawu oti kuyambira tsopano owerenga asade nkhawa, Lachisanu lililonse azilandira kalata yochokera kwa Aphunzitsiwo.

Makwinja anatsikira kuchitokosi.

"Achimwene, Elube Nangozo ndani?"

Chancy anadzidzimuka. "Apongozi anga. Anamwalira 2014, ku Ntcheu."

"Anali ndi imelo?"

"Ngakhale foni analibe, bwana. Adiresiyo anaitsegula Tisu yekha tsiku limene ankayamba kalata yake. Ankafuna aziona ngati kalata yafika bwino, ngati zithunzi sizinasokonekere. Ndiye anati poti ndikufuna dzina, woyamba kuwerenga akhale amayi."

"Ndani wina ankaidziwa?"

"Palibe. Ine ndinaidziwa chifukwa ndinaipeza n'kuyesa ndi chibwenzi chobisala."

Dineo anatsegula mndandanda pa laputopu. Dzina loyamba mwa anthu 3,418 linali Elube Nangozo. Anafufuza pamene pamalembedwa zonse zochitika pa akauntiyo, ndipo anaimba mluzu.

"Mndandanda wonse unakoperedwa Lachitatu, 3:12 masana. Pa laputopu yomwe ino."

Aphunzitsi anafika kupolisi 2 koloko atavala jekete ndi tayi, poganiza kuti aitanidwa ngati mboni. Makwinja anawakokera mpando.

"Pepani pokuvutitsani, Abambo. Ndawerenga kalata yanu ya lero. Yogwira mtima."

"Mwaiwerenga?" Nkhope inawala. "Ndime yachinayi ija mwaiona bwanji?"

"Yolemera. Mwaitumiza kwa anthu angati?"

"Kwa anthu anga. Ndi ena ochepa amene ndakhala ndikusonkhanitsa."

"Maadiresi awo mumawapeza bwanji?"

"Pamanja, bwana. Kutchalitchi, kumaliro, pamabasi opita kumudzi. Munthu amandilembera yekha m'kope. Ine sinditumizira munthu amene sindinagwirane naye chanza."

"Ndiye mayi Elube Nangozo munagwirana nawo chanza kuti?"

Aphunzitsi anayang'ana kudenga. "Nangozo... Eya! Kutchalitchi ku Sunnyside. Mayi wojintcha, wa m'kwaya."

"Liti?"

"Chaka chatha, nthawi ya Pasaka."

"Amaimba bwino?"

"Kwambiri."

Makwinja anaika foni ya Tisungeni patebulo, n'kuitembenuzira kwa iwo.

"Mayi Nangozo ndi mayi ake a Tisungeni. Ali m'manda ku Ntcheu kuyambira 2014. Adiresi yawo inali pamalo amodzi okha padziko lonse, pamndandanda wa mwana wawo. Mndandandawo unakoperedwa Lachitatu 3:12, mwiniwake ali gone pansi, pafupi ndi phazi la wokoperayo. Sajeni Dineo ali ndi chilolezo chokasecha kuchipinda kwanu. Akapezako fulashi imene munakoperamo mayinawo, kapena mutiuza nokha pamene ili?"

Aphunzitsi anamasula tayi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika patebulo.

"Ili m'thumba la ovolosi."

Makwinja anawakumbutsa kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi woitana loya. Iwo anakupiza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche.

"Ndakhala chete zaka zinayi, bwana. Mukudziwa kuti munthu akamachoka pamndandanda, makina amamufunsa chifukwa? Ndinali ndi anthu 600. Ankachoka mmodzimmodzi, ndipo ine ndinkawerenga zifukwa zawo. 'Yatalika.' 'Ndilibe nthawi.' Wina, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 7, analemba kuti, 'Pepani Aphunzitsi, ndikuwerenga za a Tisungeni.' Ndinalembetsa nane kalata yakeyo kuti ndione chimene ankawapatsa. Galu wa madamu! Ine ndimafufuza miyezi itatu kuti ndilembe za mafumu a Maravi, amatsegula anthu makumi atatu. Iye galu, anthu zikwi."

"Lachitatu munapitira chiyani?"

"Kukapempha. Ine, kupempha kwa mwana amene ndinamugwira dzanja pa kompyuta. Poyamba ndinati atchule buku langa m'kalata yake. Anati analiwerenga, ndipo sangauze anthu ake kuti ndi lokoma pamene iye anagona pa tsamba lachisanu ndi chimodzi. Ankaseka ponena zimenezo, ngati nthabwala. Ndiye ndinati chabwino, ndibwereke mndandandawo kamodzi kokha, ndiwalembere ndekha."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Abambo, anthu awa si mbuzi zanga zoti ndingakubwerekeni. Anandipatsa maadiresi awo ine, kuti ndiziwalembera ine.' Kenako anati ngati ndikufuna, Lamlungu andiphunzitse kalembedwe kake. Andiphunzitse! Anatembenuka kuti apitirize kulemba. Simbi inali pomwepo."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Kenako munaitana ambulansi?"

Aphunzitsi anayang'ana tayi ija patebulo.

"Munapukuta simbi," anatero Makwinja, "n'kudumpha mtembo, n'kukhala pampando wake."

"Laputopu inali yotsegula kale. Mayina onse ali pamenepo, bwana, mzere ndi mzere, osatha. Ndinati anthu amenewa atsala opanda wowalembera. Ndinati akangondiwerenga kamodzi, aona kusiyana."

"Ndipo Chancy akafere kundende."

"Ameneyo sawerenga n'komwe."

Dineo analemba zonse, Aphunzitsi anawerenga tsamba lililonse, anakonza malo awiri pamene panasowa mpumiro, n'kusaina 3:40. Makwinja anatuma wapolisi kuti akayambe mapepala otulutsira Chancy.

Unyolo utatsekeka, Aphunzitsi anaima pakhomo n'kucheuka.

"Bwana Kaputeni, chinthu chimodzi chokha. Foni yanga ili ndi a Sajeni. Pamaoneka chiwerengero cha amene atsegula kalata. Kuyambira m'mawa sindinaone. Mungandiyang'anireko?"

Dineo anayang'ana Makwinja. Makwinja anatola faelo yake.

"Foni yanu ndi umboni tsopano, Abambo, siitsegulidwa. Koma mmodzi ndikumudziwa. Mayi Nangozo atsegula, ndipo awerenga mpaka kumapeto."