Malo a Lemmy pa Disiki ya ku Kabwata

Nkhani iyi sinachitikire kumanda kapena kumudzi. Inachitikira ku Kabwata, masana dzuwa likuswa mtengo, m'kashopu kojambula mavidiyo a maliro ndi a maukwati kuseri kwa msika. Amene anaona ndi maso awo ndi atatu, ndipo onse ali moyo. Mmodzi mwa iwo ndi Vivian, amene ankalandira makasitomala pamenepo. Ndi mayi wa mpingo wa Reformed amene salola n'komwe kuti munthu atchule za mizukwa pamaso pake, koma akafika pa nkhani iyi amatsitsa mawu.

Wojambula wa pashopupo anali Lemmy, mnyamata wa ku Chelstone. Anamwalira pa ngozi ya basi akuchokera kojambula maliro a munthu wina. Mlongo wake wamkulu, Helen, amagwira ntchito yoyang'anira makompyuta pa kampani ina mu Cairo Road, ndipo ndi iyeyo anamukonzera Lemmy kompyuta yakale imene inkakhala pakona, yosungiramo mavidiyo onse a pashopupo.

Kwa anthu a kum'mawa ngati iwowa, katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka banja litakhala pansi n'kugawa. Ngakhale nsapato yong'ambika imadikira. Mayi awo anali atakhoma chipinda cha Lemmy, ndipo anamupempha Helen chinthu chimodzi chokha: akatenge mavidiyo ake kushopu. Munthu wojambula saoneka pa zithunzi, moyo wake wonse amakhala kumbuyo kwa kamera. Koma mawu ake anali m'mavidiyo amene ankajambula mwana wake Pearl, kamtsikana kamene kanali kasanayambe ndi sukulu yomwe. Mawu amenewo kunalibe kwina kumene anasungidwa.

Patapita sabata chiikireni maliro, mwini shopu, bambo Mulubwa, anaimba foni.

"Ba Helen, shani? Bwelaniko muone mashini. Yazula, ikana kungenesa vintu."

Helen anatenga disiki yake ya m'manja n'kukwera basi, akuganiza kuti agwira ntchito ziwiri ulendo umodzi. Anapeza Mulubwa ali thukuta kamukamu, makadi a kamera ali m'manja. Anali a ukwati wa ku Kabulonga, ndipo eni ukwatiwo anali atayamba kale kumusowetsa mtendere.

"Nayesa vonse," anatero Mulubwa. "Na foda ya Lemmy nafufuta kuti nipeze malo, koma ikamba ati ikali yozula."

Helen anamuyang'ana. "Mwafufuta chani?"

"Foda ya Lemmy. Inali ikulu maningi."

"Munafunsa ndani?"

"Ni mashini yanga, ba Helen. Bizinesi siingaime chifukwa cha malilo."

Mtima wa Helen unawira. Munthu ameneyu anadya nawo pamaliro, anaimirira kumanda n'kunena kuti Lemmy anali ngati mwana wake, misozi ili mbwembwembwe. Ndiye maluwa asanaume n'komwe pamtumbira, anafufuta zonse za mnyamatayo ngati akusesa makoko a mtedza. Anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa mayi awo.

"Nsapato zake tikalibe kugwila," anatero Helen. "Imwe mwafufuta mau yake. Mwana azamvela kuti atate bake? Siku yanu ikazafika, naimwe muzafuna malo."

Vivian akuti anaweramira pansi, chifukwa mawu otere sanenedwa kwa munthu wamkulu. Helen analibe nazo ntchito. Anapita pakona paja. Mpando wa Lemmy unali pomwepo, wa mawilo, wong'ambika pamsana. Sanaukhalire. Anakoka kasitulu ka pulasitiki.

Kompyutayo inalibe zithunzi zodinapo; Mulubwa ankalowetsamo ndi kufufuta mafayilo kudzera pa kompyuta ina. Inali ya sikirini yakuda, yolankhula nayo polemba malamulo. Helen analemba df -h, lamulo lofunsa kuti disiki yadzaza bwanji. Yankho linabwera: 100%. Kenako analemba du -sh, lamulo limene limayenda foda ndi foda kuphatikiza zonse zimene zilimo. Zonse pamodzi sizinafike ndi theka la disikiyo.

Zimenezi sizinamuopse. M'malo mwake mtima unagunda ndi chiyembekezo, chifukwa vuto ili ankalidziwa kuntchito. Ukafufuta fayilo pamene pulogalamu ina idakaigwiritsa ntchito, dzina limachoka koma fayiloyo imakhalapobe, ndipo malo ake sabwerera mpaka pulogalamuyo itasiya. Ikadagwiridwa choncho, munthu wodziwa atha kuipulumutsa. Kompyuta ikangozima, basi, yapita.

"Aliyense asazime mashini iyi," anatero. "Vintu vikalimo. Kuli chamene chavigwila."

Mulubwa anaseka monyoza. "Kusazima? Iyi izima daily na malaiti. Nafufuta pa Mande."

Tsikulo linali Lachisanu. Helen anatembenukira kwa Vivian.

"Ni zoona, ba Helen," anatero Vivian. "Batile inafa kudala. Malaiti yakayenda, nayeve izima. Na lelo yazayenda manje manje, pa fifitini."

Helen anabwerera ku sikirini. Palibe pulogalamu imene imapulumuka kompyuta ikazima. Ngakhale wophunzira wa chaka choyamba amadziwa zimenezo. Mafayilowo anayenera kuti anapita Lolemba lomwelo.

Analemba lamulo lina, loonetsa amene wagwira mafayilo ofufutidwa. Mizere inatsika mpaka kudzaza sikirini. Ubatizo wa Pearl. Pearl akuphunzira kuyenda. Pearl pa Khirisimasi. Mzere uliwonse unkasonyeza kuti fayiloyo inafufutidwa, ndipo uliwonse unali ndi dzina la amene waigwira: lemmy. Pamalo polembapo dzina la pulogalamu panalibe kanthu.

Ndi pamene fungo linafika. Chinangwa chootcha ndi mtedza wokazinga, chimene Lemmy ankadya patebulopo masana aliwonse mpaka makiyi a kompyuta kuchita mafuta. Vivian anapita pakhomo kukasuzumira. Mayi amene ankaotcha chinangwa pakhomopo anali atasamukira ku msika wa Soweto mwezi wathawo. Panja pankangonunkha fumbi ndi utsi wa mabasi.

Mpando wa Lemmy unalira. Kamodzi, ngati mmene umalirira munthu akatsamira.

"Ni mphepo," anatero Mulubwa.

Zenera linali lotseka.

Helen analumikiza disiki yake n'kuyamba kukopera. Mantha anali nawo, koma mkwiyo unali waukulu kuposa mantha. Mafayilo anali ambiri, kompyuta inali yokalamba, ndipo nthawi yoti magetsi azime, 3 koloko masana, inali itayandikira.

"Lekani ivo," anatero Mulubwa. "Chosani chamene chagwila, ningenese ukwati malaiti yakalibe kuyenda. Aba bantu ba ku Kabulonga sibaseka."

"Yesani kugwila apa muone."

"Mukamba na ine so mu shopu yanga?"

"Nikamba na imwe. Munamulila na pakamwa chabe."

Mulubwa anatambasula dzanja kuti afike pa makiyi. Helen analimenya. Phokoso lake linamveka mpaka pakhomo, ndipo onse awiri anaimirira, maso ali psuu.

Magetsi anazima.

Fani ya kudenga inazungulira pang'onopang'ono n'kuima. Makina a wometa tsitsi wa khomo loyandikana anaduka pakati. Wailesi ya pamsika inati zii. Kunja kunamveka anthu akudandaula monga mwa masiku onse.

Sikirini sinazime.

Kanyale kobiriwira ka pa kompyuta kankaphethirabe. M'kati disiki inkalira, tiki, tiki, tiki. Mulubwa anagwada n'kutsatira chingwe mpaka kukhoma. Anachizula. Anaimirira nacho m'manja ngati wagwira njoka yakufa.

Tiki, tiki, tiki.

"Ba Helen," ananong'ona Vivian. "Tiyeni panja."

"Siniyenda."

Helen analembanso df -h. Inati 88%. Kukopera sikuchotsa kanthu pa disiki, kumangopanga zofanana kwina. Koma fayilo iliyonse ikangofika pa disiki ya Helen, mzere wake unkachoka pa sikirini, malo n'kumasuka. Zinali ngati munthu akupereka katundu m'manja mwa mwini wake, chinthu chimodzi pambuyo pa chinzake.

Anafunsanso. 70%.

Fungo lija linakula. Vivian anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Mulubwa anali atatsamira khoma, chingwe chidakali m'manja.

55%.

Mzere wotsiriza unali ubatizo wa Pearl. Unakhalitsa kuposa yonse. Helen anaika dzanja patebulo, pafupi ndi mpando uja. Tebulo linali lofunda.

"Nalandila, Lemmy," anatero motsitsa. "Nizapeleka kwa amai."

Mzerewo unachoka. Mpando unalira kachiwiri, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, ngati mmene umachitira munthu akaimirira.

Mwa chizolowezi cha ntchito, Helen anayang'ana mafoda komaliza asanachotse disiki yake. Pashopupo anali ndi kalembedwe kawo, kamene Lemmy anayambitsa. Foda ya ukwati inkakhala ndi maina awiri, la mkwati ndi la mkwatibwi. Foda ya maliro inkakhala ndi dzina limodzi, la malemu. M'munsi mwa mafoda a maliro munali yatsopano, yopangidwa mphindi yomweyo. Woipanga anali lemmy. Dzina la fodayo linali mulubwa.

Onse atatu anaiwerenga. Kenako sikirini inazima.

Madzulo ake ku Chelstone, Helen anaika vidiyo imodzi pa laputopu yake. Panaoneka Pearl ali pabwalo, akuthamangitsa nkhuku, ndipo kumbuyo kwa kamera kunamveka mawu akuseka: "Pearl, yang'ana kuno, mami." Mwanayo anatembenuka kuyang'ana kukhomo. Agogo ake anadziphimba kumaso ndi chitenje. Sabata yotsatira banja linakhala pansi n'kugawa zovala, ndipo disiki ija inaperekedwa kwa Pearl pamaso pa onse.

Ku Kabwata zinthu sizinathere pomwepo. Mulubwa anafufuta foda ya dzina lake ija, m'mawa mwake anaipezanso. Anaitana katswiri wa m'tauni amene anapukuta disiki yonse n'kuyambiranso. Foda inabwerera. Anagula disiki yatsopano, ndipo inafika ili nayo kale. Ukafunsa ndi du, fodayo ilibe kanthu, ngakhale kafayilo kamodzi. Ukafunsa ndi df, malo akuchepa. Vivian akuti ankamva disikiyo ikulira masana onse ngati mmene inkalirira Lemmy akamalowetsa vidiyo yaitali, ndipo pomalizira pake anasiya ntchito.

Kompyutayo Mulubwa sangaitaye, akuopa. Sangaigulitse, palibe wa ku Kabwata amene angaigule. Munthu amene sankadziwa ngakhale pokanikiza waphunzira lamulo limodzi, la df, ndipo amalilemba m'mawa uliwonse asanatsegule chitseko cha makasitomala. Wawonda. Malaya akumulendewera.

Helen samumvera chisoni, ndipo amene akufuna kumuweruza ayambe waika mlongo wake m'manda. Mafoni a Mulubwa ankangowadula. Koma mwezi wathawu, ali m'basi ya ku Chelstone, anayankha.

"Ba Helen," anatero Mulubwa, mawu ali otsika ngati a munthu wodwala. "Disiki yafika pa nainte-sikisi pelesenti. Napapata, bwelani muifufute. Imwe izakumvelani."



"Siningagwileko, ba Mulubwa," anatero Helen. "Vintu va malemu viyembekeza banja."